Chikomekome cha chikho

Akuluakulu amene anayamba kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sankadziwa za mphotho za Grammy, koma akanakhalapo ku Los Angeles mu February 1989 akanangogwedeza mitu n'kupempha fodya. Usiku umenewo kunali mphotho yatsopano ya oimba rock yaphokoso ija amati heavy metal, ndipo aliyense ankadziwa kuti ipita kwa Metallica. Anyamatawo anali atangoimba kumene m'holomo, thukuta lili kamukamu, akungodikira kuitanidwa. Envelopu itatsegulidwa, dzina lomwe linatulukamo ndi la Jethro Tull, gulu la ku Britain lomwe mtsogoleri wake, Ian Anderson, amaliza chitoliro ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Eni chikhowo kunalibe n'komwe, pakuti a kampani yawo anali atawauza kuti asadzivute, sapambana. Anthu anakuwiza.

A Jethro Tull amaimba chamba chotchedwa progressive rock, chomwe chinakula ku Britain cha m'ma 1970. Oimba ake sakhulupirira zoti nyimbo izitha msanga. Chimbale chawo cha 1972, Thick as a Brick, chili ndi nyimbo imodzi yokha ya mphindi zoposa 40, moti pakati pake womvera ankadzuka kukatembenuza mbale. Mutaiika pa perekaniperekani ku Mpondasi, ankhoswe angagulitse njinga isanafike theka. Kagundidwe kake kamasinthasintha mosachenjeza. Mwendo ukati wagwira, ng'oma yakhotera kwina. Nyimbo zotere oweruza amasowa poziika, ndiye tsiku limenelo anangoziponya m'dengu lomwe linali pafupi.

Poona kuti kwa eni ake amangopatsidwa zikho zolakwika, a chambachi anabzala mkuyu wawowawo. Mu 2012 magazini ya Prog inayambitsa Progressive Music Awards ku London, ndipo mphotho yaikulu anaitcha Prog God. Chaka choyamba mulunguyo anali Rick Wakeman, mu 2013 Anderson yemwe uja, mu 2014 Peter Gabriel. Kuno ku Mangochi, komwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anana pamsewu umodzi, ashehe ndi abusa akanagwirizana tsiku lomwelo kuti mulungu wosinthidwa chaka ndi chaka ngwokayikitsa. Koma nyerere zenizeni zili apa: magazini yomwe imagulitsidwa ndi nkhope za oimbawa ndi yomwenso inkawaitanira kuphwando n'kuwaveka ulemu. Wobzala, wothyola ndi wolawa ndi munthu mmodzi, ndipo akutiuza kuti nkhuyu zake n'zokoma.

Tisawaseke kwambiri. Ifenso tili nayo mikuyu yathu. Tinakula tikumvera Entertainers of the Year pa MBC, ndipo masiku ano kwabwera UMP, Maso ndi zina. Sindikunena kuti uyu kapena uyo amabera. Ndikungonena kuti kulikonse kumene opambana amasankhidwa ndi mavoti a pafoni, chomwe chimayezedwa ndi mayunitsi. Mnyamata amene amalume ake ali ndi zilimira ziwiri, usipa utagwa bwino mwezi umenewo, akhoza kusanduka woimba wa chaka asanaphunzire kutchuna gitala. Amalume akhala pansi pa mtengo wa mango, alovi onse apatsidwa mayunitsi, zala zili kalikiliki mpaka batire kutha. Pomwe mayi wa ku Makanjira amene amaimba m'Chiyao mpaka anthu kugwetsa misozi, omukonda ali ndi foni imodzi khomo lonse, ndipo netiweki amakaipeza pamwamba pa chulu. Dzina lake likapezeka pamndandanda, alilowetsa m'thumba lija lolembedwa kuti zachikhalidwe, momwe sikiri, manganje ndi bangwe zimapanikizana, kenaka apikisane ndi mnyamata wa ku Lilongwe amene wavala chikopa cha mbuzi pa vidiyo.

Ndiye m'mawa mwake mudzamve madandaulo. Apa mpomwe mwambi wina wa mtengo womwewo umagwira ntchito: nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Wadya chikho ndi mwana wa dzulodzuloli, koma m'mimba mukupota ndi mwa mkulu amene waimba zaka 30. Adzalemba pa Facebook kuti iye saimbira zikho, amaimbira Mulungu ndi anthu, ndipo adzalemba zimenezi kasanu pa sabata kuti tonse timvetse kuti sizikumukhudza. Chaka chamawa akamutchula, suti yasokedwa kale. Ngakhale a Metallica chinawapota nthawi yaitali. Anapambana chaka chotsatira, a Grammy atagawa mphothoyo pawiri, komabe mu 1992, akulandira chikho china, woimba ng'oma wawo Lars Ulrich anathokoza a Jethro Tull chifukwa chosatulutsa chimbale chaka chimenecho.

Komatu mwambi wa chikomekome uja ena amaumva moperewera. Akuluakulu sananene kuti mkuyu tiudule. Mwana aliyense woweta mbuzi amadziwa kuti nkhuyu umaing'amba, n'kuuzira, n'kudya, ndipo nyerere sizitaya nthawi pa chipatso chosatsekemera. Mu December 2015 chimbale cha Zomba Prison Project, chomwe Ian Brennan anajambula m'ndende ya Zomba, chinatchulidwa pa Grammy, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Chikho chinapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin, ndipo oimba athu ambiri usikuwo anagona m'kati mwa mpanda monga mwa masiku onse. Koma atolankhani a maiko akutali, amene sakanatha kuloza Zomba pa mapu, analemba za ndende yodzaza mopitirira muyeso ija ndi anthu okhalamo. Oweruza omwewo amene anasokoneza chitoliro ndi mabingu ndi amene anatsegula chitseko chimenechi. Munthu ungawatukwane ndi mbali imodzi yokha ya kamwa.

Chomwe chikho sichingachite ndicho kugwira anthu miyendo. Kuyambira 2009 mpaka 2011 phwando la Lake of Stars linkachitikira pamchenga wa Nkopola. Mu 2011 kunabwera Foals, anyamata a ku Oxford amene magitala awo amalukanalukana mofanana ndi a chamba chija cha progressive rock. Chaka chapitacho anali atatchulidwa pa mphotho ya Mercury Prize kwawo n'kugonja kwa gulu la The xx. Pa Nkopola nkhani imeneyo inalibe msika. Mchenga uli ndi bwalo lake la milandu, ndipo limakhala usiku kwambiri: nyimbo ikakoma anthu amasunthira kutsogolo, ikazizira amakumbukira kuti ali ndi njala n'kupita kukafuna kanyenya. Palibe apilo. Agogo Giddes Chalamanda anadikira mpaka zaka 90 kuti dziko lonse liwamve, ndipo amene anawanyamula si komiti ya masuti, koma Patience Namadingo ndi ana osewera pa TikTok omwe anagwa m'chikondi ndi nyimbo ya Linny Hoo.

Ine ndikanakhala mlangizi wa oimba, ndikanawatengera onse kukaonera beni. Guleyu anafala m'mbali mwa nyanja muno nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anthu akutsanzira perete wa asilikali a King's African Rifles. Ovina beni vuto la mphotho analithetsa kalekale. Munthu amasoketsa yunifolomu, n'kudzipachika mamendulo pachifuwa mmene angafunire, n'kudzikweza udindo yekha, popanda envelopu, popanda mayunitsi, popanda wothandiza ndi ndalama woti atchulidwe katatu. Palibe amene amamukuwiza kapena kufunsa kuti nkhondo yake anamenyera kuti. Amalowa m'bwalo chifuwa chili ngwingwi, wezulo ikulira, ng'oma zikugunda. Mawondo akayamba kumukana, mamendulo amakhalabe pachifuwa pomwepo, koma nthungululu za amayi zimasamukira kwa kopolo wopanda nsapato amene akuvina kumapeto kwa mzere.