Mimba ya alamu anga

Alamu anga anailera mimba yawo zaka khumi ndi ziwiri, moleza mtima ngati mlimi wa maungu. Kanyenya wa pa Bwandilo Lachisanu lililonse, tchipisi cha pachiwaya masana, kamowa kozizira dzuwa likapendeka. Mimbayo inkawagwirira ntchito. Pamaliro ankapatsidwa mpando anzawo atakhala pa njerwa, ndipo alonda ankawatchula "bwana" asanatsike n'komwe m'galimoto.

Zinthu zinasokonekera tsiku limene adokotala anawazunguliza tepi pamchombo, n'kuwauza kuti mwamuna akapitirira masentimita 94, shuga ndi BP zimayamba kumusuzumira pawindo. Alamu anali atadutsa pamenepo kalekale, osaimika n'komwe.

Sabata yomweyo anagula thirakisuti, nsapato zoyera mbuu, kamphasa kamphira ndi botolo la madzi lalikulu ngati la mafuta ophikira. Chithunzi chinafika pa WhatsApp thukuta lisanatuluke. Loweruka m'mawa tinapita ku Bingu Stadium pagalimoto, ngakhale kwawo n'pafupi, ndipo tinazungulira kawiri kufunafuna poimika pafupi ndi geti, kuopa kuyenda.

Kochi wawo, kamnyamata kouma ngati nzimbe ya chilimwe, kanayamba ndi pulanki. Zigongono pansi, zala za kumapazi pansi, thupi lonse tambalale m'mwamba ngati thabwa, mchombo kuukokera kumsana, osasiya kupuma. Masekondi 30 okha. Vuto linali lakuti mimba ya alamu inafika pansi zigongono zisanafike.

"Dzukani pang'ono, bwana."

"Ndadzukatu, mphwanga. Chatsala pansicho si ine."

Koma chimene chimapha pulanki m'tauni muno ndi ulemu. Alamu akangokwanitsa masekondi asanu ndi atatu, manja akunjenjemera, pamatulukira mkulu wa mpingo akuthamanga. Ndiye munthu ungayankhe moni wa akuluakulu uli chafufumimba? Amadzuka, kupukusa m'manja, kufunsa za amayi kunyumba, za ana, za mvula kumudzi, za mtengo wa feteleza. Kochi anawauza kuti bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyendetsa thupi, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Alamu amawerengera ndi malonje omwe.

Za ma sit-up anazikonda, poganiza kuti akapinda mimba kambirimbiri mafuta asungunuka pomwepo. Kochi anawatsutsa mwaulemu: minofu ya pansipo imalimba ndithu, koma mafuta sachoka pamalo pamene mwawaloza, amachepa thupi lonse mbale ikachepa. "Six-pack muli nayo, bwana, kungoti yafunda mabulangete atatu." Nkhani ya mbaleyo alamu sanaimve bwino. Potuluka pageti anagula mandasi anayi, akuti obwezera mphamvu.

Titafika kunyumba tinapeza mipope yauma. Mayi wogwira ntchito pakhomopo ankalowa pageti ndi chidebe cha malita 20 pamutu, mwana kumsana, msana uli chilili, madzi osatayika ngakhale dontho. Unali ulendo wake wachinayi kuchokera kumjigo. Anatula yekha chidebecho, mawondo okha kupinda, n'kupereka moni.

Alamu anatsika m'galimoto atagwira m'chiuno.

"Anachisale, tatengani chikwama changa cha jimu kumbuyoko. Musamale, n'cholemera. Ndipo nsima ya lero muwonjezere mtanda umodzi, ndalimbitsa thupi."