Ulemu kwa a Akira ndi Anzawo a Mitu ya Makona

Vulani zipewa, akudutsa a Akira Yuki, mwamuna amene anabadwa mu 1993 ali ndi chibwano cha makona, mapewa a makona, ngakhale tsitsi lomwe la makona. Chaka chimenecho a Yu Suzuki ndi gulu lawo la AM2 ku kampani ya Sega, ku Japan, anatulutsa gemu ya Virtua Fighter, n'kupatsa dziko ankhonya 8 ooneka ngati makatoni a sopo omangidwa pamodzi mwachangu. Ndani anaonapo kukongola kotere?

Ankhonya a mu gemu ina ya Street Fighter II anali ojambulidwa bwino, inde, koma opyapyala, opanda mbali ina yoti n'kuwaonera. Athuwa anali ndi msana, ndipo kamera inkatha kuwazungulira kuti kunyansa kwawo kuonekere mbali zonse. Sankaponya moto ndi manja ayi. Zamatsenga anasiyira ena. Mabatani anali atatu basi: nkhonya, theche ndi kutchinga. Koma akati adumphe, abale inu, ankayandama m'malere mosapupuluma, mdani n'kumadikira pansi mwaulemu mpaka atatera.

Mphatso yawo yoposa zonse ndi lamulo loti wotuluka m'bwalo wagonja. Munthu amatha miyezi akuphunzira luso la a Akira, lochokera ku ndewu yachitchaina ya Bajiquan, makina osewerera gemuyi akumudyera ndalama zachitsulo tsiku ndi tsiku. Kenako kabwera kamwana kosadziwa kanthu, kangomenya mabatani mwachisawawa, kamukankhira kunja katswiri uja mphamvu zake zikadali zodzaza. Chilungamo chotere makhoti sanachifikepo! Nthawi zina katswiriyo amadzigwetsa yekha pobwerera m'mbuyo, osakhudzidwa n'komwe, ndipo makinawo amalengeza wopambana osaseka.

Nawonso ankhonyawo zifukwa zawo zomenyanirana zinali zolemekezeka. A Jeffry McWild, msodzi wa ku Australia, ankangofuna ndalama za bwato limene shaki inawaphwanyira. A Lau Chan, katswiri wophika, ankathidzimulana ndi mwana wawo yemwe, Pai, anthu akuonerera.

Onyoza adziwe kuti makatoni amenewa ndiwo anagulitsa makina a Sega Saturn atangotuluka ku Japan mu Novembala 1994. Akuluakulu ena a Sony anavomera pambuyo pake kuti gemuyi inawalimbitsa mtima kuti PlayStation itsamire pa zithunzi za 3D. Mu 1998 bungwe la Smithsonian ku Washington linaipatsa ulemu. A Seiichi Ishii, mmodzi mwa amene anaumba mitu ya makonayi, anasamukira ku kampani ya Namco n'kukatsogolera ntchito yopanga gemu ya Tekken, imene inatuluka mu 1994. Lero zidzukulu za Tekken zili ndi khungu losalala, thukuta lonyezimira ndi tsitsi lowuluka ndi mphepo, ndipo zikaona chithunzi cha agogo awo zimafunsa ngati kompyuta yawonongeka.