Gasi Watha: Matenda a Zipangizo za M'nyumba ndi Asing'anga Ake

Zipangizo zoziziritsa ndi zotenthetsa m'nyumba za m'tauni ndi zisanu: fani, eyakoni, firiji, giza ndi hita. Zitatu zoyambazo zimafa mu Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40. Ziwiri zotsalazo zimadikira Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Palibe chimene chimafa tsiku la malipiro. Zonse zimasankha pakati pa mwezi, makamaka sabata imene apongozi abwera kudzacheza.

Kafukufuku woyamba amachita ndi mwini nyumba. Amachimenya chipangizocho pambali ndi chikhatho, amazimitsa ndi kuyatsanso, kenako amaitana ana n'kufunsa amene waseweretsa. Njira imeneyi sinakonzepo kanthu, koma imapeza wolakwa, ndipo kawirikawiri amakhala wantchito. Zoyenera kuyang'ana n'zapafupi: ngati mayunitsi alipo pa mita, ngati swichi ya pa bokosi la magetsi sinagwe, ndiponso ngati fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu sinapse. Abambo ambiri olemekezeka analipirapo mmisiri kuti adzawauze kuti mayunitsi atha.

Fani ikamang'ung'udza koma osazungulira mpaka wina aikankhe, vuto limakhala kapasita, kachinthu kakang'ono kamene kamathandiza mota kudzuka. N'kotsika mtengo ndipo kusintha kwake sikutenga ola. Komabe mabanja ambiri amasankha njira ina: amasunga kamtengo kapadera pafupi ndi faniyo, ndipo mwana mmodzi amapatsidwa udindo woidzutsa. Alendo akafika, mwanayo amaitanidwa ndi maso okha, amalowetsa kamtengoko pakati pa mawaya, faniyo imayamba ulendo ikugwedeza mutu, ndipo aliyense amapitiriza nkhani ngati sanaone kanthu. Mwanayo akapita ku sekondale yogonera konko, nyumba yonse imapsa mpaka holide.

Eyakoni ikaleka kuziziritsa, choyamba kukayikiridwa ndi sefa. Fumbi la Lilongwe la mu Seputembala ndi Okutobala limaitseka, mpweya sudutsa, ndipo nthawi zina timapaipi ta m'kati timaundana madzi. Sefayo imachotsedwa ndi manja, imatsukidwa ndi madzi, imaumitsidwa n'kubwezeredwa. Madzi akamadontha pakhoma, paipi yotulutsira madzi panja yatsekeka. Mwambo wa m'tauni ndi kutchera beseni pansi pake kwa zaka ziwiri. Bokosi la eyakoni la panja limafuna mpweya kuti litaye kutentha, koma limatsekeredwa m'chikhola cha zitsulo poopa akuba, ndipo pamwamba pake amayanikapo matawulo. Rimoti nayo imakhala pa 16 usana ndi usiku, zenera lili pululu, chifukwa mwini wake amakhulupirira kuti nambala yaing'ono imafulumizitsa kuzizira. Imene imafulumira ndi mita yokha.

Firiji ikamalira kuti "thi" kamphindi kalikonse koma kompuresa osadzuka, nthawi zambiri wafa ndi rile, kachida koyambitsira kompuresayo. Labala wa chitseko akatha, kuzizira kumathawira panja. Mdani wamkulu ndi mpeni: mayi akafuna nyama imene yamatirira mu fuliza, amaigoba ndi nsonga, kumamveka "fyuu," ndipo nkhaniyo siuzidwa kwa bambo mpaka nsomba zitayamba kulankhula. Mdani wachiwiri ndi kuthimathima kwa magetsi, kumene kunafika poipa namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akabwera ofooka kapena ndi mphamvu yopyola, kompuresa imavutika; n'chifukwa chake ndi bwino kuzula pulagi akathima, ndi kudikira mphindi zingapo akayaka.

Zonsezi zikalephera, amaitanidwa mmisiri, amene pa khadi lake analemba kuti injiniya. Akaimbiridwa m'mawa amayankha kuti, "Ndili panjira, bwana." Sanena kuti njira yake ndi iti, ndipo ena amafika Lachinayi. Amatsika pa kabaza ndi chikwama cha laputopu, m'kati muli tesita, pulayala, tepi wakuda ndi botolo la gasi lopanda dzina. Aimirira patsogolo pa chipangizocho, manja m'chiuno, apukusa mutu kawiri, kenako afunsa funso limene amisiri onse anaphunzira tsiku limodzi: "Anakukonzerani ndani poyamba?" Yankho lililonse limamupatsa chisoni. Ngakhale atauzidwa kuti anakonza ndi iye mwini mwezi watha, amati zinthu za masiku ano n'zosalimba.

Kenako chigamulo chimaperekedwa: "Gasi watha." Apa m'pofunika kumvetsa mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. Gasi wa mufiriji ndi mu eyakoni sapsa ngati petulo. Amazungulira m'mapaipi otsekedwa, akutenga kutentha m'kati n'kukakutaya kunja, ndipo akhoza kutero zaka zambiri osachepa. Akachepa ndiye kuti pali poboola, ndipo mmisiri weniweni amapafufuza, ngakhale ndi thovu la sopo, n'kupawotcherera asanathire wina. Wothira gasi popanda kutseka poboola wadzilembera yekha ntchito ya mwezi wamawa. Gasiyo alinso m'mitundu: mafiriji ambiri amayendera R134a kapena R600a (wachiwiriyu amayaka moto), pamene maeyakoni amayendera R410A, R32 kapena R22 wakale uja, amene akuthetsedwa motsatira pangano la ku Montreal la 1987. Mtundu woyenera umalembedwa pa chipangizocho. Botolo lopanda dzina lija limathira monsemo mosasankha.

Chigamulochi chakula mphamvu moti chadutsa malire a sayansi. Panyumba ina ku Chilomoni, posachedwapa, injiniya wina anayang'ana fani ya patebulo kwa nthawi yaitali, anainunkhiza, n'kulengeza kuti gasi watha. Mwini nyumba anafunsa polowera gasiyo. Anayankhidwa kuti, "Zimenezo n'za ife amisiri, madala."

Giza ikaleka kutenthetsa madzi, wafa ndi elementi kapena themositati, ndipo zonsezi zimasinthidwa popanda kugula giza yatsopano. Vuto lake lenileni ndi landilodi, amene amati giza ndi ya wokhala m'nyumba ikafa, koma ndi yake pokweza lendi. Hita ya waya wofiira imadya mayunitsi mopanda manyazi, choncho ambiri amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera. Apa palibe choseketsa. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo anthu amafa ali m'tulo. Mbaula siyenera kugona m'nyumba.

Mtengo wokonzetsa uli ndi zigawo zinayi: thiransipoti, yotsegulira, sipeya ndi leba. Chachisanu sichilembedwa koma chimamveka mmisiri akamayang'ana kukhitchini cha m'ma 12 koloko. Mtengo wonse umadalira geti, galimoto imene yaima pabwalo ndi kukula kwa wailesi yakanema. Wodandaula amauzidwa kuti dola yakwera. N'zoona kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo masipeya amachokera kunja, koma dolayo imakweranso pa rile imene yazulidwa m'mawa womwewo mufiriji ya kasitomala wina. Choopsa kwambiri ndi mawu akuti, "Ndikachiyeze ku shopu." Shopuyo ndi khonde lodzaza mafiriji opanda zitseko, ndipo chilichonse chofika kumeneko chimayamba kuthandiza zinzake ndi ziwalo. Dipoziti ikaperekedwa, foni imazima. Ikayaka, injiniya ali ku maliro kumudzi, ndipo agogo ake ena amwalira kachitatu. Uku si kusauka ayi, ndi kuba kovala ovololo.

Njira zochepetsera ndalama n'zodziwika. Mtengo ukambidwe sikuluu yoyamba isanamasulidwe. Mmisiri aonetse chimene chafa ndipo chakalecho chitsale panyumba. Sipeya akagulire limodzi ndi mwini chipangizo, lisiti lili m'manja. Ndalama ya leba iperekedwe chipangizo chikagwira ntchito, osati chikangolira. Akatchula kompuresa, chiwalo chodula koposa, afunsidwe mmisiri wachiwiri, ndipo mtengo wake uyerekezedwe ndi wa firiji ina. Sefa itsukidwe mwezi ndi mwezi nyengo ya fumbi.

Amisiri okhulupirika alipo, ena a satifiketi ya TEVETA, ena ophunzira pamanja. Amadziwika mosavuta: amafika ndi geji yoyezera gasi, amayeza asanalankhule, ndipo akapeza kuti yapsa ndi fyuzi amanena kuti yapsa ndi fyuzi. Woteroyo amamaliza m'mphindi khumi n'kutchula ndalama yochepa. Mwini nyumba amamuyang'ana mokayikira, amanenerera mtengowo, n'kumulonjeza kuti amutumizira pa foni madzulo. Chipangizo chikadzafanso samuitana, chifukwa mnyamata uja sanachite chilichonse, ndipo ngakhale gasi sanathire.