Hampu ya M'dera: Chiyambi, Mitundu ndi Ntchito Yake

Hampu ya m'dera ndi mulu wa dothi, zibenthu za njerwa kapena matumba a mchenga umene anthu a m'madera monga Ndirande, Bangwe, Kawale ndi Area 25 amaunjika mopingasa msewu kuti galimoto zichepetse liwiro. Imasiyana ndi hampu ya khonsolo pa zinthu zitatu: ilibe penti, ilibe chikwangwani chochenjeza, ndipo kutalika kwake kumatengera mkwiyo wa amene anaimanga.

Kawirikawiri hampu imabadwa tsiku limene njinga yamoto ya kabaza yaponda nkhuku ya munthu wodziwika, kapena minibasi yozemba apolisi pamsewu waukulu yathira fumbi zovala zoyanika. Mfumu ya buloko imaitanitsa msonkhano wa 2 koloko, umene umayamba 4 koloko, ndipo pamasankhidwa komiti. Upampando umagwera bambo amene ali ndi galimoto, poti ndiwo "amadziwa za msewu". Mfundo yawo yoyamba imakhala yakuti hampu isayandikire geti yawo. Mlembi amalembera kalata khonsolo, imene ndiyo imayang'anira misewu ya m'mzinda, ndipo yankho lake limadikiridwa ngati mvula ya mu Ogasiti.

Kudikira kukatopetsa, pamabwera msonkhamsonkha. Alendi amati apereke ndi alandilodi, alandilodi amati iwo sagona m'deralo, pomwe oyenda pansi amafunsa ngati anagundapo munthu ndi mapazi. Ndalama zimene zatsala anyamata okumba atalandira "ya madzi" zimakwana theka la thumba la simenti, limene limasungidwa kwa msungichuma mpaka litauma lokha.

Mitundu ya hampu ilipo itatu. Woyamba ndi mzere wa mbatata, umene umaundidwa ndi khasu ndipo umakokoloka ndi mvula yoyamba ya mu Novembala. Wachiwiri ndi chulu, chimene chimamangidwa mwana akapulumuka lokumbakumba. Sienta yodzaza imachikwera chammbali, okwera atakweza miyendo ngati kuti zithandiza. Wachitatu ndi hampu yozondoka, kutanthauza ngalande yodula msewu. Mtundu umenewu uli pachibale ndi maenje a mumsewu, amene safuna komiti chifukwa amamera okha dzinja lililonse.

Zotsatira za hampu zimaoneka sabata yomweyo. Akabaza amailambalala n'kutsegula njira yatsopano yodutsa pakhonde pa msungichuma, ndipo komiti imayankha poika miyala m'mbali. Poti galimoto zayamba kuima, amayi a tomato amayala malonda pomwepo, wootcha chimanga n'kubwera ndi mbaula, wa Airtel Money n'kudzala ambulera yake. Posakhalitsa malowo amasanduka siteji, ndipo makondakitala amayamba kukuwa kuti "Otsika pa Hampu!" Anthu amene ankadandaula za liwiro amayamba kudandaula za phokoso la mahutala.

Hampu imafa mwakachetechete. Ikangothyola ekizozi ya wapampando, imapezeka m'mawa mwake itafupika, pambali pake pali mapazi a munthu mmodzi ndi zizindikiro za khasu. Pamsonkhano wotsatira wapampando yemweyo amadzudzula mwamphamvu anthu osakonda chitukuko.

Pali njira imodzi yokha imene oyendetsa onse amaimvera popanda simenti, kalata kapena komiti: masamba a maliro. Nthambi zaziwisi zikayalidwa pamsewu, dalaivala wa minibasi amatsitsa wailesi n'kuyenda ngati kamba, wapanjinga amatsika n'kuikankha, wovala chipewa amachivula, ndipo wakabaza amakumbuka pamene pali mabuleki. Makomiti amasirira mphamvu ya masambawa, ndipo maganizo oti azikhala pamsewu chaka chonse satha kutuluka m'misonkhano. Amagwa pa mfundo imodzi: masamba amafuna nyumba ya siwa, ndipo wapampando akafunsa amene angadzipereke, aliyense amayang'ana alandilodi.