Mkamwini ndi khola la bilimankhwe

Ku Neno munthu ali ndi ufulu woweta chilichonse chimene chimatha kulowa mumphika. Nkhunda, mbira, akalulu, abakha, nkhanga, ngakhale kambuzi kamodzi kowonda kongokhalira pachingwe, palibe amene amakufunsa. Koma mwa anthu 138,291 amene kalembera wa 2018 adawapeza m'bomali, zikuoneka kuti ndi mlembi wanu yekha amene adaganiza zoweta bilimankhwe, ndipo mudzi wonse udasowa tulo.

Nzeruyi idatuluka m'foni ya mphwake. M'kanema wina mzungu wa ku London ankanyadira chiweto chake, bilimankhwe wobiriwira wa chisoti pamutu, mtundu wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia umene anthu a ku Ulaya ndi ku America amakonda kuyambira. Ena amasunga wamawangamawanga wa ku Madagascar, chilumba chimene chili ndi pafupifupi theka la mitundu yoposa 200 ya abilimankhwe a padziko lonse. Mzunguyo adali atagula khola lotalika masentimita 120, m'mbali zonse masentimita 60, nyali yotenthetsa, nyali ina yotulutsa kuwala kwa UVB, makina opopera nkhungu, ndi kabokosi ka tinkhululu togula kusitolo. Mlembi wanu, amene thumba lake limaona ndalama nthawi ya manachesi yokha, adawerengera ndi zala: dzuwa, mame, ziwala, nthambi. Zonse zimene mzungu amalipira, ku Neno zimangopezeka paliponse. Adagona usiku umenewo akudziona ngati katswiri.

Chokhoma choyamba chidali malo. Mkuluyu ndi mkamwini, ndipo mkamwini sazika ngakhale chikhomo pabwalo asanapemphe.

"Abambo, mwati khola la chiyani?" adafunsa mayi a kunyumba, maso ali pa lichero.

"La bilimankhwe, amayi."

"Amadyedwa?"

"Ayi."

"Amaikira?"

"Kwambiri. Mazira mpaka 40 nthawi imodzi."

"Ogulitsa?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye mukawetere kwanu."

Apongozi, amene mwamwambo salankhulana ndi mkamwini maso ndi maso, adatuma mdzukulu kudzanena kuti chinthu chimenecho ndicho chidatibweretsera maliro. Nkhani yake aliyense adaimva ali mwana. Chauta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akamwalira adzadzukanso. Iye ankaponya mwendo kutsogolo, n'kuubweza, n'kuganizira kaye, n'kuima pamtengo kudya. Buluzi, amene adatumidwa pambuyo ndi uthenga woti wafa wafa, adathamanga n'kufika msanga. Mlembi wanu adakonza yankho la loya weniweni: ngati pali wolakwa pa mlanduwu ndi buluzi, yemwe adanyamula uthenga woipawo, koma mpaka lero amawothera dzuwa pakhoma la apongozi omwewo popanda womugenda. Yankholo adapatsira mdzukulu yemwe uja. Mwanayo adakaima pamtengo wa gwafa panjira, ndipo uthengawo sudafikebe.

Chilolezo chidatuluka pambuyo pa thumba limodzi la kachewere wa kwa Dambe. Malo ake adali kuseri kwa nkhokwe, kumene alendo saonako.

Kalipentala wa pamsika adamuuza kuti angogula kabati yakale ya magalasi, nyamayo izioneka bwino. Kabatiyo ikadakhala bokosi la maliro. Bilimankhwe amafuna mpweya woyenda. Mukamutsekera m'chinyontho chosatuluka amadwala chifuwa, n'kumapuma kukamwa kuli yasa. Galasi limatchinganso kuwala kwa UVB, kumene thupi lake limagwiritsa ntchito popanga vitamini D3 wothandiza kuti kashiamu alowe m'mafupa. Popanda zimenezi miyendo imapindika, nsagwada zimafewa, nyamayo imagwa panthambi. N'chifukwa chake mzungu uja amasintha nyali yake pakatha miyezi 6 mpaka 12, ngakhale ikuyakabe. Chinanso, bilimankhwe sakonda mnzake. Akaona chithunzithunzi chake pagalasi amayesa mdani, ndipo amatha tsiku lonse atadzitukumula pofuna kuthamangitsa mlendo amene sachoka.

Waya wa nkhuku nawo udakanika: mabowo ake ndi aakulu, ziwala zimatulukira pomwepo, ndipo umacheka zala za nyamayo. Apa maso a mlembi wanu adagwera pa neti ya udzudzu ya kuchipinda. Mayi a kunyumba sadayankhe n'komwe. Adangoitana alangizi a zaumoyo amene ankadutsa panjinga, ndipo mkuluyu adalandira phunziro la malungo ataimirira pabwalo, ana akumvetsera. Neti ndi yogonamo anthu, si yotchingira dimba, si yokokera matemba mu Lisungwi, si ya bilimankhwe.

Zidatsala ndi nsungwi za kudambo, linya, timisomali, ndi waya wa sefa uja amaika m'mawindo, chinthu chokhacho chimene chidadya ndalama. Kholalo lidayenera kukhala lalitali kuposa kutambalala kwake, chifukwa nyamayi moyo wake ndi wa m'mwamba, ndipo mtima wake umakhala pansi ikamayang'ana anthu kuchokera pamwamba pawo. M'kati mudalowa nthambi zonenepa ngati chala, zina zopingasa zina zotsamira, ndi kamtengo kamoyo ka m'chidebe kamasamba ambiri obisalamo. Pamalo pake padafunika dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Apa Neno ndi maiko awiri. Kumtunda, cha kwa Dambe ndi m'mapiri a m'malire a Mozambique, Juni ndi Julaye amalowa m'mafupa, ndipo khola limafuna kotchinga mphepo. Kumunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, dzuwa la Okutobala likhoza kuphika nyamayo ngati denga lili la lata. Mlembi wanu adafolera theka la denga ndi udzu, n'kuima patali kusirira ntchito ya manja ake, chikhalirecho denga la kitchini likudontha kuyambira dzinja lathali.

Kenaka madzi. Bilimankhwe mukamuikira mbale ya madzi akhoza kufa ndi ludzu ataiyang'ana, pakuti iye amadziwa madontho onyezimira pamasamba, a mame kapena a mvula. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: botolo la pulasitiki loboola ndi singano, kulipachika pamwamba kuti lizidonthezera pamasamba, ndi kuwaza kamtengoko m'mawa ndi madzulo. Koma madzi a pakhomo amabwera pamutu pa mayi a kunyumba, ndipo iwo adalengeza kuti khosi lawo silidzatungira chilombo. Ndiye m'mawa wina anthu adaona bambo wa imvi zake ali pamzere wa pamjigo, chigubu m'manja, pakati pa amayi. Pabawo nkhaniyo idafika iye asanabwerere kunyumba. Adamufunsa ngati wadyetsedwa.

Chakudya ndicho chidathetsa ulemu umene udatsala. Bilimankhwe sadya gaga, sadya mkute, sadya chakufa. Amafuna chamoyo, choyenda, kuti maso ake aja, amene lililonse limazungulira palokha, akumane pa chinthu chimodzi, kenaka lilime, limene limatha kutalika kuposa thupi lake, lichite thwa! Mlembi wanu adati ayambe kudzizoloweretsa kusaka mwini khola asanabwere. Adapeza kuti pamudzi pano chiwala chili ndi eni ake. Ana amachisaka ndi zitsamba n'kuchiwotcha. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba, zimathera m'chiwaya. Nkhululu akaikumba mwana, simungamulande popanda ndalama. Ndipo ziwala za m'munda wa chimanga, kumene apopera mankhwala a ntchemberezandonda, zimanyamula poizoni amene akhoza kupha nyama yaing'ono chotere. Zidatsala ndi za kutchire, kutali, kumene mkuluyu ankadumpha uku ndi uku, botolo m'manja, wefuwefu. Amayi a kumpingo amene ankachokera ku maliro adamuona, ndipo Lamulungu lotsatira dzina lake lidatchulidwa pa mapemphero a odwala.

Zikadakhala kuti wogwidwayo ndi wamkazi, pakadafunikanso ndowa ya dothi lonyowa lakuya masentimita pafupifupi 30. Bilimankhwe wathu wa m'tchire muno, uja wa timakutu tachikopa kuseri kwa mutu, amatsika pamtengo n'kukumba dzenje, kuikira mazira, kukwirira, n'kuchoka osadzabweranso. Ana amaswa okha patatha miyezi 9 kapena kuposerapo. Wamkaziyo akasowa pokumba, mazira amamutsekera m'mimba n'kufa nawo. Anthu akamupeza akukumba amati aona malodza n'kuthamangira kwa sing'anga, chonsecho aona mayi ali pa uchembere.

Khola litatha, aphunzitsi opuma a m'mudzimo adabwera kudzaliona. Adalizungulira, adagwedeza nsungwi, n'kuyamikira.

"Mwamanga bwino, achimwene. Nanga chikalata muli nacho?"

"Cha chiyani, aphunzitsi?"

Aphunzitsi adakhala pa mtondo n'kuyamba kalasi. Nyama za m'tchire zili ndi nthambi yake ya boma, ndipo munthu wanzeru amayamba wafunsa kumeneko asanatsekere chamoyo cha kutchire m'khola. Lamulo loteteza nyamazi lidakhwimitsidwa mu 2017, moti milandu ikuluikulu, ya njovu, chipembere ndi ngaka, imafika zaka 30 m'ndende. Kutumiza bilimankhwe kunja nako kumafuna chilolezo pansi pa pangano la maiko la CITES, limene Malawi adalowa mu 1982. Pa zonsezi mlembi wanu adamva mawu awiri okha: zaka 30. Adayamba kuwerengera kuti akadzatuluka manachesi ake adzakhala a ndani.

Aphunzitsi sadalekere pomwepo. Dziko lino, adatero, ndi lolemera abilimankhwe kuposa mmene eni ake amadziwira. Kuno kuli chimphona chofika masentimita 60, chachikulu kuposa onse a mu Africa mukachotsa Madagascar, chimene chidatchedwa dzina la Charles Meller, dokotala amene adayenda nawo pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi ndi Shire. Phiri la Mulanje lili ndi mitundu yakeyake. Ndipo ku Malawi Hills, m'boma la Nsanje, kuli kakang'ono kotchedwa Chapman, kotalika masentimita 5.5 basi, kamene akatswiri adakalemba koyamba mu 1992 ndipo sikadali kodziwika kwina kulikonse padziko. Nkhalango yake idadulidwa mpaka anthu ankaopa kuti kadatha. Mu 2016 ofufuza adakapezanso m'tizigawo ta nkhalango totsala, koma zithunzi za m'mlengalenga zidaonetsa kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a nkhalangoyo adapita kuyambira 1984. Aphunzitsi adawonjezeranso kuti bilimankhwe wogwidwa kutchire kawirikawiri sakhalitsa m'khola: amabwera ndi njoka za m'mimba, amakana kudya chifukwa cha mantha, n'kumafota pang'onopang'ono. Amene azungu amayamba nawo ndi obadwira m'makhola momwemo.

Ali pakati pofotokoza, aphunzitsi adaloza ndi ndodo. Mumtengo wa nachesi umene nthambi zake zimakhudza nkhokwe, pamwamba penipeni pa khola latsopanolo, padali bilimankhwe wamkulu bwino, diso limodzi kumwamba lina pa mlembi wanu. Ana adati amakhala momwemo kuyambira kale, ndipo ntchito yonse ya nsungwi ija adaionerera.

Mkuluyu adasendera pafupi mwaulemu kuti amuonetse nyumba. Nyamayo idachoka pa kubiriwira n'kuda bii, madontho thupi lonse, idadzitukumula, n'kutsegula kukamwa ikuchita fuu. Ambiri amati amasintha mtundu pofuna kufanana ndi pamene wakhala, koma kwenikweni khungu lake limanena za mumtima ndi za kutentha kwa thupi: akazizidwa amada kuti amwe dzuwa, akakwiya amaonetsa. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Geneva adapeza kuti m'khungumo muli timiyala ting'onoting'ono tonyezimira timene timatalikirana kapena kuyandikirana, kuwala n'kumabwerera ndi mtundu wina. Mlembi wanu sadafunikire yunivesite kuti amve uthengawo. Nkhope yotero amaidziwa, ndi ija amaipeza pakhomo akabwera kumsika wopanda mchere.

Atayang'anitsitsa mtengowo adapeza kuti zonse za pa mndandanda wa mzungu zilimo: dzuwa la m'mawa kunsonga, mthunzi m'kati, mame pamasamba, ntchentche ndi ziwala zobwera zokha, dothi lofewa patsinde. Mtengowo adaubzala ndi apongozi omwe aja.

Kholalo silidapite pachabe. Mayi a kunyumba adachotsamo nthambi n'kuikamo thadzi ndi anapiye ake, ndipo kwa nthawi yoyamba mphamba sadatengepo ngakhale mmodzi. Amayi anzawo akubwera kudzaona, ndipo awiri aitanitsa kale lawo. Mwini luso satchulidwa.

Tsono inu owerenga a kwa Chekucheku, kwa Mlauli, kwa Dambe ndi kwa Symon, mlembi wanu ali ndi pempho. Bilimankhwe alibe ululu, salodza, ndipo amadya tizilombo tomwe timakuvutitsani. Uzani ana asiye kumugenda ndi kumuthira fodya m'kamwa. Mukamupeza akuwoloka msewu ndi kayendedwe kake kaja, mukwezeni pa kamtengo mukamusiye patchire. Moto wosakira mbewa umamupeza asanaponye phazi lachiwiri, ndipo matumba a makala amene amandanda m'mbali mwa msewu ku Zalewa ndi nyumba zake zimenezo. Amene akufuna bilimankhwe pakhomo abzale nachesi kapena gwafa, asiye mpanda wamoyo, achepetse kupopera mankhwala pafupi ndi nyumba, adikire. Amene akufuna khola la anapiye akaonane ndi mayi a kunyumba, mitengo yake amadula ndi iwowo.