Kalata Yopempha Miyala ya ku Zambezi

Kwa Bambo ndi Mayi olemekezeka, ku Matundo, Tete,

Mwana wawo wa ku Joni akuwadziwitsa kuti ngakhale kalatayi yabwera yopanda ndalama, yabwera ndi maphunziro. Panyumba pamene akugwira ntchito pali akwariyamu, yomwe ndi thanki yagalasi mmene nsomba zimadyetsedwa kawiri patsiku ndi kupatsidwa mayina koma osayandikira mphika, zimene n'zowawa kwa munthu amene anakulira kudya nsomba za pende ndi chikowa. Nsombazo ndi mbuna za ku Nyanja ya Malawi, zokonda kubisala m'miyala, ndipo abwana ake, atamva kuti wantchito wawo kwawo n'ku Zambezi, akufuna miyala yakumeneko.

Makolo adziwe kuti mwala wotola pagombe ukhoza kusintha madzi. Madzi amayezedwa ndi pH, muyezo woyambira pa 0 kufika pa 14, umene pansi pa 7 umasonyeza asidi ndipo pamwamba pa 7 umasonyeza alikali, mdani wa asidi. Miyala ya laimu ndi zigoba za nkhono zili ndi calcium carbonate, imene imasungunuka pang'onopang'ono n'kukweza pH, madziwo n'kukhala aja okana kuchita thovu ndi sopo. Mbuna sizidandaula nazo, pakuti kwawo pH imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, koma tinsomba ta ku Amazon, monga neon tetra, timavutika. Granite ndi quartz sizisungunuka, choncho zimakhala m'madzi mwaulemu ngati mkamwini watsopano.

Kuyesa kwake n'kwa kukhitchini, chifukwa mwala ukadonthezedwa viniga n'kuchita thovu, ndiye kuti uli ndi laimu. Miyala yochokera ku malasha a ku Moatize ipewedwe, makamaka yonyezimira ngati golide, yotchedwa pyrite, pakuti imatulutsa asidi, ndipo ya mawanga obiriwira ikhoza kukhala ndi mkuwa, umene ndi poizoni kwa nsomba. Yosankhidwayo ikwechedwe ndi burashi popanda sopo, iviikidwe m'ndowa kwa sabata, ndipo amayi akupemphedwa kuti asaiphike, popeza mwala ukhoza kuphulika pamoto, komanso sufewa.

Choncho Bambo atume mng'ono wake wa wolembayu kukatola miyala kunsi kwa mlatho wa Samora Machel, maso ali pamadzi chifukwa ng'ona sizidziwa za pH, kenaka thumba la miyalayo lipatsidwe dalaivala wodzera ku Cuchamano, Nyamapanda ndi Beitbridge. Anansi akamaseka kuti ana a anzawo amatumiza mabulangete pamene uyu akuitanitsa miyala, Bambo angowayankha kuti mwala ku Joni uli ndi mtengo. Ndalama za malata zidzanyamuka tsiku limene miyalayo idzafike.

Mwana wawo womvera,
wa ku Johannesburg