Kalumo ka Alamu

Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chimene anaiwala kutiuza n'chakuti kalumoko kadzayambira pamutu pa yani.

Kwathu kanayambira pa kope la ngongole. Golosale yathu ili pa Mitundu, ndipo kuyambira nthawi ya Kamuzu imagulitsa zomwezo: mchere, sopo, machesi, shuga. Banki ya bambo ndi chitini cha mabisiketi. Kenaka mlongo wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa dipuloma ya zamalonda, wa nsapato zosongoka, amene anabwera kudzakhala chikamwini monga mwa mwambo.

Sabata yoyamba alamu anangoyang'ana. Yachiwiri anatsegula kope lija, n'kupeza munthu amene anatenga sopo mu 2016 osalipira mpaka lero. Pomwepo anakhoma chikwangwani pakhomo: "Ngongole mawa." Sanafunse kuti wa sopoyo ndani. Anali amalume, eni mbumba, nkhoswe ya ukwati wawo womwewo! Ku sukulu ya zamalonda sanawaphunzitse kuti pali ngongole zina zimene ukazilonjerera, mawa umapeza katundu wako ali panja.

Misonkhano ya bizinesi ndiye inali zisudzo. Mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, choncho mapulani onse ankadzera mwa mlongo wanga, onse atatu ali pakhonde limodzi.

"Auzeni amayi kuti tikongole kubanki, tigule njinga zamoto zitatu za kabaza, titsegulenso golosale ina ku Lilongwe."

Amayi, maso ali pa lichero: "Muwauze bambo a mwanayu kuti mkamwini asamakule mwendo. Munda tinawapatsa uja apalira?"

Ine ndinkaseka nawo, chifukwa kabudula wa kusukulu anandigulira ndi chitini chomwecho. Koma mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Alamu anali atachonderera kwa miyezi kuti ndalama zisagone, tipikulire mafuta ophikira ndi shuga zodzaza nyumba. Bambo anatsegula chitini, anawerenga kawiri. Ndalama zinali zonse, wakuba sanalowe, koma ku holoselo zinabwera ndi katundu wokwana pa njinga yakapalasa. Usiku umenewo alamu anapatsidwa nthiti ya nkhuku mopanda mawu, ndipo anaidya modzichepetsa mpaka kutikwiyitsa.

Lero pakauntala pali foni yolandirira Airtel Money ndi Mpamba. Makasitomala amaikonda. Bambonso amaikonda: madzulo aliwonse amandituma kwa ejenti kukatapa zonse, n'kuziika m'chitini. Za kabaza tidakakambirana, kudzera mwa mlongo wanga.

Chikwangwani chija amayi anachisandutsa chovundikira ndowa. Kope linabwerera, ndipo amene amalisunga tsopano ndi alamu eni ake, mwaukhondo, ndi mizere ya rula. Dzulo ndinalisuzumira. Sopo wa amalume adakalipo. M'munsi mwake muli dzina la alamu: malezala awiri, adzalipira kumapeto kwa mwezi.